Manda Pakhomo pa Kapela

Delfina, mkazi wa mlaliki Matias Aniceto, anamwalira Lolemba pa 9 Febuluwale 2015 m'mudzi wa Kamphande, dera la Chiputo, m'boma la Maravia. Anadwala malungo masiku asanu. Mtsinje wa Kalombwe unali utasefukira, ndipo njira ya kuchipatala inali itaduka. Anali ndi zaka 29. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, Zélia, wa zaka zisanu.

Anaikidwa Lachitatu pa 11. Lolemba lotsatira, mwamuna wake anatuluka m'mudzimo atakankha njinga. Pa njingapo panali khasu, bulangete ndi Baibulo. Mwana anatsala.

Inu amene mukuwerenga, mwina munagwetsedwa ndi anthu ena. Nkhani iyi ndi ya munthu amene anadzigwetsa yekha, akuganiza kuti akutumikira Mulungu. Kugwa kotere kumawawa kwambiri, chifukwa ukayang'ana womuloza chala umangopeza iwe wemwe.

Matias anabadwa mu 1984. Ali ndi zaka zitatu, makolo ake anathawa naye nkhondo kupita ku Zambia. Bambo ake anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo mu 1990, mayi ake mu 1993. Onse awiri anaikidwa kuseri kwa kachisi wa pamsasapo, m'mizere, aliyense ndi mtanda wake wamtengo. Awa ndiwo manda okha amene Matias anakula akuwadziwa. Lamulungu lililonse akatuluka m'mapemphero ankadutsa pamanda a makolo ake, n'kuzula udzu.

Anabwerera ku Mozambiki mu 1994 pamodzi ndi banja lina limene linamusunga. Mudzi wa makolo ake anaupeza uli thengo. Mu 2007 a mishoni a ku Fíngoè anamutuma ku Kamphande, kumene kunalibe mpingo uliwonse. Chaka chotsatira anakwatira Delfina, munthu woyamba kubatizidwa m'mudzimo, ndipo anakhala mkamwini. Nyumba inali pamalo a akuchikazi. Munda unali wa akuchikazi. Ngakhale malo amene anamangapo kapela, nyumba yopemphereramo, anapatsidwa ndi alamu ake aakulu, Amadeu, mwini mbumba.

Ntchito inayenda. Pofika 2012 kapela inafoleredwa ndi malata, ndipo opemphera anali 63. Tsiku lotsegulira, Abusa Teodoro, mkulu wa mishoni, anayenda kuzungulira bwalo n'kunena kuti mpingo wokhazikika umakhala ndi manda ake pambali pa nyumba ya Mulungu, monga amachitira kumayiko ena. Anthu anaomba m'manja chifukwa alendo akalankhula timaomba m'manja. Matias yekha ndiye anawasunga mawuwo.

Delfina atamwalira, Amadeu anali tsidya lina la mtsinje, kwa mkazi wake. Mng'ono wawo Lino anali komweko, atapita kukagulitsa mbuzi. Uthenga anthu anaufuula pamwamba pa madzi, ndipo awiriwo anaumva, koma kuoloka kunakanika. Akuluakulu a m'mudzi anati adzukulu akakumbe kumsitu, kumene kunagona amayi ake a Delfina ndi makolo onse a mbumbayo. Matias anakana. Anati mkazi wake ndi Mkhristu woyamba wa Kamphande, ndipo adzakhala woyamba kugona pambali pa kapela.

Laura, mkulu wake wa malemu, anamutengera pambali.

"Alamu, amayi ali kumsitu. Mwana wawo mukamugoneka yekha pabwalo, ngati mlendo wofera panjira?"

Matias anamuyankha ndi ndime ya m'Baibulo. Amuna asanu a mumpingo anakumba dzenje mapazi khumi ndi awiri kuchokera pakhomo pa kapela. Akuluakulu anaima patali. Palibe amene anakangana naye, popeza pamaliro sitikangana.

Madzi anaphwerako Loweruka, ndipo Amadeu ndi Lino anaoloka. Amadeu anapita molunjika kumsitu. Anafunafuna dothi latsopano, osalipeza. Atamuonetsa pamene panali mlongo wake, anakhala pansi m'matope. Sanali munthu waukali. Amene analipo akuti mawu ake sanakwere n'komwe.

"Bambo a Zélia, tinakupatsani mkazi, munda ndi malo opempherera. Maliro sitinakupatseni."

Lamulungu pa 15, m'kapela munalowa anthu anayi. Ku Kamphande manda si malo odutsapo. Mayi woyembekezera sayandikirako, mwana saseweredwako, ndipo munthu sapitako popanda maliro. Tsopano manda anali pakhomo penipeni pa kapela. Ntchito ya zaka zisanu ndi zitatu inatha m'sabata imodzi, popanda wina woiletsa.

Madzulo a tsikulo Amadeu anauza Matias kuti mawa lake achoke, ndipo mwana akhala ndi Laura. Lino ndiye anatulutsa njinga m'nyumba n'kuitsamiritsa pamtengo. Zélia anafunsa ngati abambo akupita kumsika. Matias anati inde.

Munthu wosudzulidwa amabwerera kwawo. Matias analibe kwawo. Anapalasa tsiku limodzi ndi theka mpaka ku Fíngoè. A mishoni anamumvetsera, n'kumuuza kuti popeza mpingo wa Kamphande kulibenso, ayambe wapuma pa ulaliki. Mu Epulo 2015 anapezeka kugalimpo, kumaenje kumene anthu amakumba golide ndi manja, kunja kwa tawuniyo.

Anakhala kumeneko miyezi khumi ndi umodzi osatsegula Baibulo. Ankatsika m'dzenje m'mawa, n'kutuluka dzuwa litapendeka, ndipo zimene ankapeza zinkangokwanira ufa ndi mchere. Sanauze munthu kuti anali mlaliki. Mu Disembala anatumiza kansalu ndi makope awiri kwa Zélia kudzera mwa munthu wa mota, njinga yamoto. Patatha milungu itatu, phukusilo linabwerera lisanamasulidwe.

Chinsinsi chake anachiulula Lino. Nayenso anafika kugalimpo kumayambiriro kwa 2016, mbuzi zitatha ndi matenda. Anamuona Matias akutuluka m'dzenje, thupi lonse lili dothi, ndipo anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Taonani abusa a manda. Alamu, mukukumba golide kapena mukutikonzera pogona? Anyamata, musagone pafupi ndi awa, mudzadzuka muli ndi mtanda kumutu."

Dzinalo linamatirira. Kuyambira tsiku limenelo galimpo yonse inkamuitana Abusa a Manda. Matias analilandira dzinalo. Ankadziwa kuti Lino sakunama.

Pa 8 Marichi 2016 dzenje lina linagumuka ndi kukwirira munthu mmodzi. Anamutulutsa atafa. Onse ankamudziwa ndi dzina loti Nampula, chifukwa ndiko ankati anachokera. Dzina lake lenileni panalibe wolidziwa. A polisi atalemba zawo n'kuchoka, anzake anagwirizana zomuika m'dzenje lakale lopanda ntchito, kuti abwerere kukakumba. Wina anati, mwanthabwala, aitane Abusa a Manda adzanene mawu awiri.

Matias anabwera. Anayang'ana mtembowo, ndipo funso loyamba limene linatuluka m'kamwa mwake silinali la m'buku. Anafunsa kuti abale ake a munthuyu akudziwa kodi.

M'thumba la malemu munali foni yozima. Matias anayenda nayo wapansi mpaka ku Fíngoè, anaitchajitsa pasitolo ina, n'kuimba nambala imene inalembedwa kuti Mama. Anayankha mayi wachikulire wolankhula chinenero chimene iye sankachimva. Mayiwo anaitana mdzukulu wawo wodziwa Chipwitikizi. Munthu uja dzina lake anali Elídio, ndipo anali ndi ana awiri. Kwawo kunali kutali kosatheka kunyamula maliro. Matias anafunsa mayiwo kuti mutu uloze kuti, ndipo pamanda anenepo chiyani. Anachita zonse monga anamuuzira, n'kuzokota dzina pamwala. Patapita miyezi isanu, malume ake a Elídio anafika, ndipo anapeza pomulira.

Kuchokera pamenepo Matias anagula kope. Ankayenda dzenje ndi dzenje kufunsa munthu aliyense zinthu zinayi: dzina lenileni, mudzi, dzina la mwini mbumba, ndi nambala ya foni ya kwawo. Ambiri anakana. Ena ankati akufuna kuwalodza. Ena ankati munthu wamoyo salembetsa m'buku la maliro. Wina anamuthira madzi amatope. Mwezi woyamba analemba mayina asanu ndi anayi okha.

Atafika kwa Lino, Lino anapitiriza kusefa mchenga osadzutsa mutu.

"Ine musandilembe. Kwathu mukukudziwa. Munachokako ndi njinga."

Maganizo a anthu anasintha mu Novembala chaka chomwecho, pamene mmodzi mwa asanu ndi anayi aja anafa ndi chifuwa. Matias anatsegula kope, anaimba foni, anakulunga mtembo mu mphasa ndi lona, chinsalu chochindikala chosalowa madzi, n'kupita nawo pa mota mpaka ku Chipera. Atafika sanalowe m'mudzi. Anaima pamphambano, n'kutumiza mawu kwa mwini mbumba. Sanalalikire mpaka atapemphedwa. Amene anamuperekeza anabwerako akusimba mmene amayi a malemu anagwirira mapazi ake. Sabata yotsatira anthu anayamba kubwera okha kudzalembetsa, ena mobisa, ena akuseka kuti aikidwe pafupi ndi mowa.

Umu ndi mmene mpingo wa kugalimpo unayambira. Matias sanaitane munthu. Amuna asanu ndi awiri amene ankamuthandiza kunyamula maliro anamupempha kuti Lamulungu aziwawerengera mawu. Ankakumana pansi pa lona yomwe ija yokulungira mitembo, chifukwa ina panalibe. Mu 2017 anali asanu ndi awiri. Mu 2019 anali 58, kuphatikizapo amayi ogulitsa zakudya.

Chaka chimenecho Abusa Teodoro anabwera kudzaona zimene ankamva. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anawerenga kope lija tsamba ndi tsamba, kenako anamubwezera Matias udindo wake wa ulaliki pamaso pa anthu. Pobwerera ku mota anamuuza chamseri kuti cholakwa cha ku Kamphande sichinali cha munthu mmodzi. Anati iye analankhula za manda tsiku lija asanafunse ngakhale mayi mmodzi wa m'mudzimo kuti akufa awo amagona kuti. Kuyambira chaka chimenecho, mlaliki aliyense wa mishoniyo akatumidwa kumudzi watsopano amayamba wakhala miyezi itatu akungofunsa ndi kumvetsera. Amene amawaphunzitsa zimenezi ndi Matias, ndipo phunziro loyamba limakhala nkhani yake yomwe. Saichepetsa.

Pakati pa Marichi 2016 ndi Disembala 2022, kugalimpo kunafa anthu 31. Mwa iwo, 22 Matias anawafikitsa kwawo. Asanu ndi anayi anaikidwa paphiri lapafupi, aliyense ndi dzina pamwala, abale awo atavomereza. Opemphera anafika 140, ndipo anamanga kapela ya njerwa. Pambali pake palibe manda.

Koma zonsezi sizinamubweretsere mwana wake. Disembala aliyense ankatumiza phukusi. Mu 2018 silinabwerere, ndipo wa mota anati Laura analilandira. Mawu ochokera kwa Zélia sanabwere. Matias ankawerenga zaka zake pa zala: eyiti, naini, teni. Sankadziwa ngati ndi wamtali kapena wamfupi. Kawiri konse anapempha Lino kuti amuuzeko za mwanayo, ndipo kawiri konse Lino anayankha kuti mwana ali bwino, amadya, alibe bambo.

Lachiwiri pa 17 Januwale 2023, mvula itagwa masiku anayi, dzenje linagumuka cha m'ma 10 koloko m'mawa. Munali anthu atatu. Awiri anatulutsidwa amoyo. Wachitatu anali Lino. Anali ndi zaka 32.

Dzina lake silinali m'kope. Panalibe chifukwa choliyang'anira.

Anzake anamulangiza Matias kuti ulendo uno atume ena. Anati ku Chiputo nthawi ya dzinja sikupitika, ndipo anthu a kumeneko anamuthamangitsa. Wina anakumbutsa kuti malemuyo anamunyoza zaka zisanu ndi ziwiri. Matias anati amayi ake a Lino ali kumsitu wa ku Kamphande, ndipo Lino akagona pambali pawo.

Ananyamuka Lachitatu m'mawa, mota ziwiri, amuna asanu. Malo ambiri ankatsika n'kukankha. Anafika pa Kalombwe dzuwa likulowa, n'kupeza mtsinje uli wodzaza mpaka m'mabango. Eni mota anati iwo athera pomwepo. Msodzi wina wa tsidya lija anamva kufuula kwawo, n'kuthamangira kumudzi.

Lachinayi kutacha, tsidya lija kunali anthu oposa makumi asanu. Amadeu, amene tsopano ankakhala ku Kamphande, anaima kutsogolo. Madzi anali atatsikako pang'ono, koma ankafikabe pachifuwa. Matias anamanga chingwe m'chiuno, anaoloka yekha, n'kuchimangirira kumtengo wa mkuyu. Anabwereranso. Kenako iye ndi anzake awiri ananyamula machira pamitu, dzanja limodzi pamtembo, lina pachingwe. Pakati pa mtsinje Matias anaterereka ndipo anamira mpaka m'khosi, koma machira sanakhudze madzi. Kuoloka kumeneko kunatenga pafupifupi theka la ola.

Anautsitsa mtembo pamchenga. Matias sanapitirire. Anakhala pansi, akunjenjemera, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Alamu, ndabweretsa m'bale wanu. Pogona pake muloze ndinu."

Amadeu anagwada, anatsegula lona, anayang'ana nkhope ya mng'ono wake, n'kutsekanso. Anayang'ana mtsinje.

"Madzi awa ine anandikanika," anatero. "Ndinakhala tsidya ilo masiku asanu ndikumva akazi akulira."

"Ndikanakudikirani, kapena ndikanamvera akuluakulu. Ndinalakwa, alamu. Ndinakulandani maliro."

Zaka zisanu ndi zitatu zinali zitadutsa, ndipo aka kanali koyamba kuti mawu amenewa anenedwe pamaso pa mbumba. Amadeu anavula jekete lake n'kumupatsa.

"Valani. Tisaike awiri tsiku limodzi."

Njira yolowera m'mudzi imadutsa pa kapela yakale. Malata anali atachoka, khoma lina litagwa, ndipo mkati munamera mitengo. Koma pamanda a Delfina panali posesedwa bwino, popanda udzu ngakhale umodzi. Laura, amene ankayenda pambuyo pake, ananena motsitsa mawu kuti ndi Zélia. Anati anamuletsa, anamukwapula kawiri, kenako anangomusiya.

Lino anaikidwa kumsitu masana omwewo, pambali pa amayi ake. Matias anaima kumbuyo pamodzi ndi alendo. Dothi litabwezeredwa, Amadeu anatembenuka n'kunena kuti ngati bambo a Zélia ali ndi pemphero, anene. Linali lalifupi.

Atabwerera kunyumba ya siwa, mtsikana wamtali anabwera ndi madzi osamba m'manja. Anagwada patali, monga amachitira kwa mlendo. Matias anamuzindikira ndi mpata wa m'mano, wofanana ndi wa mayi ake. Anali ndi zaka 13. Anapatsana moni. 

"Kumsika kuja munachedwako," anatero Zélia.

Matias anatambasula manja. Mtsikanayo anathira madzi m'manja mwake, n'kumufunsa.

"Nanga amayi adzakhala okha paja mpaka liti?"

Mu Epulo 2023 Matias anabwereranso ndi mbuzi ndi nkhuku, n'kupepesa mwamwambo. Anapemphanso zinthu ziwiri: kuti aziona mwana wake, ndi kuti mafupa a Delfina asamutsidwire kumsitu. Choyamba Amadeu anavomera. Kuyambira Febuluwale 2024, Zélia amaphunzira ku Fíngoè ndipo amakhala ndi bambo ake nthawi ya sukulu. Tchuthi chilichonse amabwerera kwa Laura, ndipo akafika amayamba watenga tsache. Ku Kamphande anthu khumi ndi mmodzi ayambiranso kupemphera, pansi pa mtengo wa muwanga kutali ndi kapela yakale. Matias amapitako kamodzi pamwezi njira ikalola.

Chachiwiri chinavuta. Amadeu anati m'mudzimo sanafukulepo munthu chiyambire, ndipo iye yekha sangagamule. Ena m'mbumba akuti Delfina abwere kwa amayi ake. Ena akuti wogona sadzutsidwa kawiri.

Inu amene munalakwa ndi manja anu omwe, ndipo mukuganiza kuti Mulungu ndi anthu anathana nanu, onani munthu uyu. Sanathe kubweza tsiku la 11 Febuluwale 2015, ndipo sadzatha. Chimene anachita n'chakuti zimene analanda banja limodzi anazibwezera mabanja 23, mmodzimmodzi, pa mota ndi pamutu. Zinamutengera zaka zisanu ndi zitatu kuti amve mawu a mwana wake. Ngati inu muli m'chaka choyamba, kapena chachisanu, phukusi lanu likubwerabe losamasula, mtima usakuthereni. Tumizaninso. Vomerani pamene munalakwa, ndipo gwirani ntchito imene ili pafupi ndi manja anu lero.

Msonkhano wa mbumba unayenera kuchitika atakolola mu 2023, koma malume ena a ku Zambia sanabwere. Mu 2024 kunali chilala, ndipo kunalibe chodyetsa alendo. Chaka chino anati Julayi. Lero ndi Lamulungu pa 3 Ogasiti 2025, ndipo sanakumane. Delfina akadali mapazi khumi ndi awiri kuchokera pakhomo pa kapela yakugwa.